Dimba la ku Eikenhof: kusiyira ana bizinesi ya masamba mwini wake akadali moyo

Lipotili, lomwe talemba ife amene tinathandiza kukonza dongosolo losiyirana bizinesi, likufotokoza za banja lina la Amalawi lomwe limalima ndiwo zamasamba chakummwera kwa Johannesburg, cha ku Eikenhof, m'dziko la South Africa. Mayina sitiwatchula, ndipo ndalama, zomwe zili m'marandi (R), tazilemba m'ziwerengero zathunthu kuti masamu ake azitsatika mosavuta.

Bambo a m'banjali ali ndi zaka 62 ndipo kwawo ndi ku Dedza. Anabwera ku Joni m'zaka za m'ma 1990, anayamba ndi ntchito ya m'magadeni, kenako anakhala kapitawo pafamu ya masamba. Ali ndi chilolezo chokhala muno mpaka kalekale, chija amati permanent residence. Kwa zaka 14 akhala akulima pawokha pa mahekitala 4 a lendi, ndi antchito 7 okhazikika komanso aganyu nthawi yokolola. Kabichi, sipinachi ndi bitiruti zimapita ku Joburg Market ku City Deep kudzera mwa ejenti. Mpiru, lepu, nkhwani, bonongwe ndi therere amaperekera amayi ogulitsa m'misewu ya ku Yeoville, Rosettenville ndi Turffontein, komwe Amalawi, a ku Zimbabwe ndi a ku Congo amasaka ndiwo za kwawo.

Ana alipo anayi. Woyamba ndi wamwamuna wa kwa mayi ena, amakhala ku Dedza ndipo dimbali sanalipondepo. Wachiwiri ndi wamkazi wa zaka 29 amene amalandira maoda pa WhatsApp. Wachitatu ndi mnyamata wa zaka 24, amayendetsa galimoto kukampani ina. Chitsirizira ali ndi zaka 15, akadali pasukulu. Palinso munthu wachisanu, amene nkhani yonse yatsamira pa iye: mwana wa mlongo wawo wa bambowa, yemwe wakhala kapitawo wa dimbali zaka 11.

Zimene zinaduka bambo atagona m'chipatala

Mu Juni 2024 bambo anachita sitiroko. Kwa masabata atatu sankatha kulankhula zomveka, ndipo panapita masabata asanu ndi limodzi asanayambe kufunsa za kumunda. Anachira, ngakhale dzanja lamanja silinabwerere mwakale. Masabata amenewo ndiwo anaonetsa banjali zimene zidzachitike tsiku la maliro.

Choyamba kuduka chinali ndalama. Bizinesi yonse inali m'dzina la bambo ngati munthu, popanda kampani. Ejenti wa kumsika ankalipira bwinobwino, atachotsa 5% ya msika ndi gawo lake lomwe pa masamba limafika 7.5%, koma amaika ndalamazo muakaunti yomwe mlimi analembetsa, osati ina. Ndalama zinkalowa, kutuluka ayi. Manambala otsimikizira a kubanki ankafikira pafoni ya bambo, yomwe kiyi wake ankadziwa okha. Komatu Lachisanu lililonse antchito ankayembekezera zawo. Pa malipiro otsikitsitsa omwe boma linkalola chaka chimenecho, R27.58 pa ola, munthu wogwira maola 45 amalandira R1,241.10 pa sabata, ndiye anthu 7 ndi R8,687.70. Mayi anatenga ndalama za chipereganyu cha amayi a kutchalitchi, sabata yachinayi n'kukafika kwa akatapila.

Achibale ena analangiza kuti bambo angodinda chala pakalata yopatsa mwana wamkazi mphamvu, power of attorney. Pa malamulo a South Africa kalata imeneyi imagwira ntchito pokhapokha mwini wake ali ndi nzeru zake zonse. Akasokonezeka mutu kapena akamwalira, nayo mphamvu ya kalatayo yathera pomwepo. Njira yotsala imakhala yokapempha khoti lalikulu kuti lisankhe munthu woyang'anira chuma cha wodwalayo, ndipo imadya miyezi ndi ndalama za maloya. Kabichi sadikira zimenezo.

Chachiwiri chinali mbande, ndipo bala lake linaoneka mochedwa. Bambo ankaoda mathireyi 30 a kabichi masabata awiri alionse, thireyi iliyonse ya mbande 200, kutanthauza mbande 6,000 zokwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a hekitala. Nazale imafuna oda pasadakhale masabata asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo oda ankaperekera pafoni, pakamwa. Maoda atatu anadumpha popanda wozindikira, chifukwa mbande za maoda akale zinali zikubwerabe. Mbande 18,000 zomwe zikanaokeredwa kumapeto kwa Julayi ndi mu Ogasiti sizinabwere, ndipo cha mu Novembala, kabichi ameneyo atayenera kukhala akudulidwa, bakkie, galimoto yawo yonyamula katundu, inkapita ku City Deep yosadzaza. Ejenti amaika patsogolo mlimi amene katundu wake saduka. Malo amene banjali linali nawo pamndandanda wake anatengedwa ndi ena, ndipo kuwabweza kunatenga nyengo yathunthu.

Chachitatu n'chaching'ono koma chinawawa. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo kuyambira Meyi mpaka Ogasiti chisanu chimagwa usiku. Madzulo alionse ozizira bambo ankatsegula kampopi kapansi pa fyuluta ndi pampu kuti madzi atuluke. Sanauzepo munthu, poti kwa iwo zinali ngati kutseka chitseko pogona. Usiku wina madzi anaumira m'katimo, fyuluta inang'ambika, ndipo sipinachi anakhala masiku anayi osathiriridwa.

Ndiye pali kabuku. N'kabuku kachikuto cholimba, kakuda ndi dothi m'mphepete, kamene bambo ankayenda nako m'thumba la ovolosi. M'menemo munali ngongole za mavenda, koma mayina ake anali otere: "amayi a mpiru a pakona", "mlamu wa abusa", "wa chipewa chofiira". Kutsogolo kwa dzina kuli timizere, mtolo uliwonse kamzere kake, ena odulidwa ena ayi. Mwana wamkazi atapita kukatolera, ena analipira mwaulemu, ena anati nkhani imeneyo akamba ndi abambo akewo akachira. Pafupifupi theka la ngongolezo silinabwere.

Zikanakhala kuti anamwalira

Banja litakhala pansi, tinayamba ndi kuwerengera chuma, chifukwa mkangano wa chuma chosawerengedwa sutha. Bakkie inali ya R140,000, thirakitala yakale ndi zipangizo zake R120,000, pampu, mathanki, mapaipi ndi madiripi R95,000, mashedi a ukonde R85,000, mbewu za m'munda pamodzi ndi ndalama zomwe zinali kwa ejenti R110,000, ndipo kubanki kunali R90,000. Zonse ndi R640,000. Kuchotsapo ngongole ya R40,000 ya feteleza ndi mankhwala, zotsala ndi R600,000.

Bambo analibe wilo. Munthu akamwalira wopanda wilo kuno, chuma chimagawidwa motsatira Intestate Succession Act ya 1987. Mkazi amatenga R250,000 kapena gawo lofanana ndi la mwana, chimene chakula pa ziwirizo. Apa gawo la mwana likanakhala R600,000 kugawa pasanu, R120,000, choncho mayi akanatenga R250,000, ndipo ana anayi akanagawana R350,000, aliyense R87,500. Mwana wa ku Dedza ali ndi gawo lofanana ndi anzake, kaya makolo ake anasiyana kalekale. Gawo la mwana wa zaka 15 kawirikawiri limakasungidwa ku Guardian's Fund, thumba la boma losungira ana ndalama za masiye, mpaka akwanitse zaka 18, ndipo kumeneko amasunga ndalama, osati thirakitala. Kuti ndalamazo zipezeke, china chake chimayenera kugulitsidwa.

Masamuwa tinawachita mophweka. Ukwati wa bambo ndi mayi unamangidwa ku Malawi, ndi chinkhoswe komanso kutchalitchi, ndipo kwa nthawi yaitali makhoti a kuno akhala akuona za katundu wa m'banja potengera malamulo a dziko lomwe linali mudzi weniweni wa mwamuna panthawi ya ukwati. Nkhani imeneyo ndi ya loya, ndipo kuti ayambe n'komwe amafuna setifiketi ya ukwati. Ya banjali inali m'sutikesi ku Dedza.

Nanga kapitawo? Palibe ngakhale senti. Apa ndi pamene mwambo ndi lamulo zinasemphana. Kwathu kwa Achewa mwana wa mlongo si mlendo kwa atsibweni ake, ndi mbumba yawo, ndipo akuluakulu akumudzi ankaona kuti wolowa m'malo ndi iyeyo. Naye anagwira zaka 11 pa malipiro ochepa ali ndi chiyembekezo chimenechi, ngakhale palibe tsiku lomwe analonjezedwa poyera. Lamulo la kuno limayang'ana mkazi ndi ana. Banja likanayesa kutsata mwambo mokakamiza, mayi ndi ana akanawina kukhoti. Ngakhale ku Malawi komweko, lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Koma kutsata lamulo lokha kukanachotsa munthu yekhayo wodziwa kuthirira, kupopera ndi kuyendetsa antchito.

Nthawi nayo ikanapha dimbali. Imfa imayenera kukanenedwa kwa Master of the High Court, ofesi ya boma yoyang'anira chuma cha masiye, pasanathe masiku 14. Banki ikangomva, imatseka akaunti. Chuma choposa R250,000 chimafuna kalata ya woyendetsa chuma cha masiye, ndipo iyeyo amalengeza kwa masiku 30 kuti angongole abwere, kenako ndondomeko ya kagawidwe imakhala poonekera masiku 21. Malipiro ake amafika 3.5% ya chuma chonse ngongole zisanachotsedwe, apa R22,400, msonkho wa VAT usanaikidwepo. Pofika tsiku logawana, m'munda mukanakhala thengo, ndipo madiripi ndi ukonde zogulitsa mothamanga sizibweza ngakhale theka la mtengo wake.

Malo ndi madzi

Tinayamba ndi malo, chifukwa popanda malo palibe chosiyirana. Pangano la lendi linali lapakamwa, mwezi ndi mwezi, lomangidwa pa kudziwana kwa bambo ndi mwini pulotiyo, amenenso ndi wachikulire. Lendi yotere imatha ndi notisi ya mwezi umodzi, pomwe kabichi amafuna miyezi itatu kapena kuposerapo m'munda.

Pangano latsopano linalembedwa m'dzina la kampani, la zaka 5, ndi ufulu wowonjezera zaka 4. Sitinafike pa 10 dala. Subdivision of Agricultural Land Act ya 1970 imati kubwereketsa gawo la malo aulimi kwa zaka 10 kapena kuposerapo, kuphatikizapo zaka zowonjezera, kumafuna chilolezo cha nduna. M'panganomo munalowa mfundo zinayi zomwe alimi ambiri amaziiwala. Imfa ya bambo kapena kusintha kwa eni masheya sikuthetsa lendi. Mapaipi, mathanki ndi mitengo ya mashedi ndi za kampani ndipo ikhoza kuzizula pochoka, chifukwa chinthu chomangiriridwa m'nthaka chikhoza kusanduka cha mwini malo ngati palibe cholembedwa. Lendi ikatha, kampani ili ndi masiku 90 okololera zomwe zili m'munda. Ndipo kakwezedwe ka lendi chaka ndi chaka kanalembedweratu. Malowo akagulitsidwa, lamulo la kuno limateteza wa lendi yemwe ali kale pamalopo, koma kuteteza pangano lapakamwa pamaso pa mwini watsopano ndi ntchito yaikulu.

Madzi amachokera pachitsime chokumba ndi makina cha mwini malo. National Water Act ya 1998 imalola madzi a pakhomo ndi kadimba kodyera popanda chilolezo, koma mthirira wamalonda uyenera kulembetsedwa ku dipatimenti ya zamadzi. Tinapempha chikalata chake, tinaona kuchuluka kwa madzi olembetsedwa, n'kuchimata kupangano la lendi, ndipo papaipi yaikulu panaikidwa mita. Mwana amene alandira dimba la madzi osalembetsa walandira mlandu.

Kampani ndi masheya

Bizinesi ya munthu mmodzi imafa ndi mwini wake, ndipo mgwirizano wa anthu awiri wopanda kampani nawo umatha mmodzi akamwalira. Kampani simwalira. Choncho analembetsa kampani ya mtundu wa (Pty) Ltd ku CIPC, ofesi ya boma yolembetsa makampani, ya masheya 100, iliyonse ya R6,000 potengera chuma chija. Akaunti ya kubanki, kaundula wa kwa ejenti, akaunti ya kunazale ndi ya kwa ogulitsa feteleza, bakkie ndi inshuwalansi yake, zonse zinasamukira m'dzina la kampani. Izi zinatenga miyezi itatu, makamaka chifukwa banki imafuna umboni wa munthu aliyense ndi adiresi yake, ndipo akaunti yakale sitinaitseke mpaka ndalama zoyamba za kumsika zitalowa muakaunti yatsopano.

Mfundo imene tinaumirira ndi yakuti umwini ndi utsogoleri zisiyane. Mwana akhoza kukhala ndi masheya osalamula m'munda, ndipo wogwira ntchito azilandira malipiro a ntchito yake phindu lisanagawidwe. Mabanja ambiri amasokoneza ziwirizi, ndiye wogwira ntchito amadziona ngati kapolo wa abale ake, pomwe okhala kutali amaganiza kuti akudyeredwa.

Bambo anatsala ndi masheya 40, mayi 20, mwana wamkazi 20, ndipo 20 anasungira kapitawo. Opita kwa mayi analibe msonkho, poti mphatso ya pakati pa mwamuna ndi mkazi wake ilibe msonkho. A mwana wamkazi anali a R120,000, pomwe m'chaka cha msonkho chimenecho munthu ankaloledwa kupereka mphatso za R100,000 zokha popanda msonkho, zopitirira apo n'kulipira 20%. Anawagawa pawiri, 10 mu Febuluwale ndi 10 mu Malichi, chifukwa chaka cha msonkho chimatha kumapeto kwa Febuluwale.

Za kapitawo zinavuta. Masheya opatsidwa kwa wantchito chifukwa cha ntchito yake SARS, bungwe lotolera misonkho, ikhoza kuwatenga ngati malipiro n'kuwadula msonkho, choncho wowerengera ndalama analangiza kuti agule, masheya 5 pachaka kwa zaka 4, R2,500 pamwezi. Mawu oti "agule" anamupweteka kwambiri kapitawoyo. Zokambiranazo zinachitikira pansi pa shedi ya ukonde Lamulungu masana, mayi ake ali pafoni kuchokera ku Dedza pamodzi ndi ankhoswe. Kapitawoyo anakhala pakreti, chipewa chili pabondo, ndipo anangofunsa atsibweni ake ngati zaka 11 zija zinali za ganyu. Funsolo linali lachilungamo. Chimene chinamasula mfundoyi n'chakuti malipiro ake anakwezedwa kufika pa mlingo wa kapitawo weniweni, kukwera komwe kunaposa R2,500 ija, ndipo mtengo wa sheya unamangidwa pa R6,000 kwa zaka zonse zinayi ngakhale bizinesi itakula. Bambo anavomera pamaso pa onse kuti anamulipira mochepa kwa nthawi yaitali. Kwa ife, kuvomera kumeneko kunagwira ntchito kuposa pepala lililonse la loya.

Panalinso nkhani ya mapepala ake. Kapitawoyo anakwatira mzika ya dziko lino ndipo ali ndi visa ya section 11(6) yokhala ndi chilolezo chogwira ntchito, chomwe chimatchula dzina la wolemba ntchito. Bwana akasintha kuchoka pa bambo kupita kukampani, chilolezocho chimayenera kukonzedwanso kudzera ku VFS Global, kampani yolandira mafomu a ma visa. Antchito enawo anasamukira kukampani ndi zaka zawo zonse, monga section 197 ya Labour Relations Act imanenera bizinesi ikasintha manja ikuyendabe, ndipo kaundula wa UIF, thumba la boma lothandiza antchito ntchito ikatha, anasinthidwa.

Pangano la eni masheya linatseka mipata yomwe imagwetsa mabanja. Wofuna kuchoka ayambe wagulitsa kwa anzake, pamtengo wowerengedwa ndi wowerengera ndalama wa kampani, ndipo alipidwe kwa miyezi 36 kuti dimba lisaume. Masheya sapita kwa mkamwini kapena mtengwa ukwati ukatha. Ndalama zoposa R10,000 zituluke ndi chilolezo cha anthu awiri. Kapitawo ndi mwana wamkazi akasiyana maganizo pa za m'munda, mawu omaliza ndi a kapitawo, pa za ndalama ndi msika ndi a mwana wamkazi. Zimenezi loya anazigwirizanitsa ndi chikalata chokhazikitsira kampani, chifukwa ziwirizi zikatsutsana Companies Act ya 2008 imatsata chikalatacho.

Wilo yoyamba inali yolakwika

Tisanafike n'komwe, banjali linali litalemba kale wilo mwachangu bambo atangotuluka m'chipatala. Analemba ndi dzanja ndi mwana wamkazi, mboni zinali mayi ndi kapitawo, ndipo bambo anadinda chala. Pa Wills Act ya 1953, munthu amene walemba wilo ndi dzanja lake kapena wasaina ngati mboni saloledwa kulandira kanthu m'wiloyo, kupatula m'njira zochepa zomwe zina zimafuna khoti. Anthu atatu amene bambo ankafuna kuwateteza ndi amene anadzitsekera kunja. Komanso wilo yodinda chala imafuna commissioner of oaths, munthu wovomerezeka ndi boma kulumbiritsa anthu, amene analipo ndipo watsimikizira molemba kuti wodindayo ndi mwini wake. Iyi inalibe.

Yatsopano inalembedwa ndi loya, ndi mboni ziwiri zosalandira kanthu. Dokotala analemba kalata yoti bambo ali ndi nzeru zawo zonse, kuti pasadzapezeke wonena kuti anawasainitsa akudwala. Masheya 40 a bambo adzagawidwa chonchi: 10 kwa mwana wamkazi, 15 kwa mnyamata woyendetsa galimoto, 15 kwa chitsirizira. A chitsirizira adzasungidwa mu trust, dongosolo loti anthu osankhidwa amusungire chumacho, yolembedwa m'wilo momwemo mpaka akwanitse zaka 25, kuti asagulitsidwe n'kupita ku Guardian's Fund. Woyendetsa chuma cha masiye ndi mayi, mothandizidwa ndi loya.

Mwana wa ku Dedza sanapatsidwe masheya. Kukhala nawo akanatha, poti munthu wokhala kunja amaloledwa bola banki idinde setifiketi yake, koma kubwera kudzagwira ntchito sakanatha. Mmalawi amalowa kuno masiku 30 ngati mlendo, ndipo visa ya bizinesi imafuna R5 miliyoni. Masheya m'manja mwa munthu amene saona mabuku, wongodikira phindu lomwe chaka cha matalala silibwera, ndi mbewu ya udani. M'malo mwake adzalandira nyumba ya bambo ya paboma ku Dedza kudzera m'wilo yachiwiri yolembedwa ku Malawi. Wilo iliyonse imanena kuti ikukhudza chuma cha dziko limodzi lokha, chifukwa mawu achizolowezi oti "ndikufafaniza mawilo onse akale" akhoza kupha inzake. Munda wa kumudzi sunalowemo, poti ndi wa mbumba, si wa bambo.

Njira yabwino yolinganizira ana ikanakhala inshuwalansi ya moyo yotchula dzina la wolandira, yomwe imalipira mwachindunji osadikira Master. Koma munthu wa zaka 62 amene wachitapo sitiroko amakanidwa kapena kuuzidwa mtengo wosafikirika. Imeneyi inali yoti itengedwe ali ndi zaka 45. Chomwe chinatheka ndi inshuwalansi ya maliro yokhala ndi gawo lonyamula thupi kupita kumudzi, yomwe pa imfa ya matenda imadikiritsa mpaka miyezi 6. Popanda imeneyi, ndalama zonyamulira maliro ku Dedza zikanachokera m'thumba la mbande ndi feteleza.

Kusamutsa zomwe zili m'mutu

Mapepala amasainidwa tsiku limodzi, koma luso la zaka 30 silisamuka choncho. Tinapempha bambo kuti kwa chaka chathunthu azilankhula zimene akuchita, mwana wamkazi azilemba. Munatuluka kalendala ya sabata ndi sabata yomwe tsopano ili pakhoma la shedi: tsiku loodera mbande, tsiku lookera, ndime yake, feteleza wa 2:3:2 pookera ndi LAN wobereketsa patapita masabata atatu kapena anayi, ndi sabata yoyembekezera kukolola. Munatulukanso zomwe sizili m'buku lililonse. Ndime ya kumunsi kufupi ndi dambo ndiyo imayamba kugwidwa ndi chisanu, choncho nkhwani ndi therere sizipitako. M'nyengo yozizira kuthirira kumayamba dzuwa litasungunula chisanu. Ndime ina inagwidwapo ndi matenda oola kabichi kuyambira m'mphepete mwa tsamba, ndiye kabichi, lepu ndi mpiru, zomwe ndi banja limodzi, sizibwererako mpaka patapita zaka zitatu.

Buku la mankhwala ndilo tinalilimbikira kwambiri. Bambo ankadziwa pamtima kuti ndime iyi anapopera liti ndi chiyani. Ali m'chipatala, antchito anatsala pang'ono kudula lepu amene anapoperedwa mankhwala a nsabwe masiku awiri m'mbuyomo. Botolo lililonse lovomerezeka limalemba masiku odikira usanakolole, ndipo masamba amadyedwa tsiku lomwelo kapena mawa lake. Tsopano wopopera amalemba tsiku, ndime, dzina la mankhwala, muyeso ndi tsiku lololedwa kukolola, n'kuzika kamtengo ka nsanza yofiira pandimepo.

Kwa ogula, bambo anayenda ndi mwana wawo khomo ndi khomo kwa miyezi iwiri, kuyambira kwa ejenti mbandakucha mpaka kwa amayi a ku Yeoville, kuwauza okha kuti kuyambira lero wolandira ndalama ndi uyu. Ngongole ya venda aliyense inapatsidwa malire a katundu wa masiku 7, yolembedwa ndi dzina lenileni ndi nambala ya foni. Mavenda awiri anakwiya n'kuchoka. Otsalawo akulipira.

Udindo unaperekedwa pang'onopang'ono. Nyengo ya dzinja yoyamba bambo ankalamula, achinyamata n'kumachita. M'nyengo yozizira yotsatira achinyamata ankakonza dongosolo, bambo n'kuvomereza. Kuyambira pamenepo bambo ndi mlangizi, ndipo amalandira R7,000 pamwezi yomwe imatuluka limodzi ndi malipiro a antchito, phindu lisanawerengedwe. Kholo limene silikudziwa kuti lidzadya chiyani likasiya khasu silingasiye khasulo, kaya lisaine mapepala angati.

Pomwe zafika

Akaunti tsopano ili ndi anthu atatu osainira, ndipo manambala otsimikizira amafikira pafoni ya kampani yomwe imagona m'kabati. Kapitawo wamaliza kulipira masheya ake asanu oyamba. Mnyamata woyendetsa galimoto akudandaulabe kuti msuweni wake adzakhala ndi masheya ambiri kuposa iye, mwana wobereka, ndipo wapatsidwa mwayi wonyamula katundu wa kumsika Loweruka pamalipiro kuti aone ngati ntchitoyi angaikonde. Mwana wa ku Dedza anauzidwa zonse pamaso pa ankhoswe, koma sanayankhe, ndipo nyumba ija ikufunika kuyezedwa mtengo kuti aone kuti siichepa poyerekeza ndi R87,500 yomwe lamulo likanamupatsa.

Vuto limene likubwerezabwereza ndi la mbande. Kawiri konse bambo aimbira kunazale osauza munthu n'kuwonjezera mathireyi 10 a kabichi, chifukwa m'maso mwawo mtengo ukwera. Ulendo woyamba analondola. Wachiwiri mbandezo zinafika ndime isanakonzedwe, zinakhala m'mathireyi masabata awiri mpaka mizu inapotana, ndipo theka linatayidwa. Anazale auzidwa tsopano kuti oda ndi yokhayo yabwera molemba kuchokera pafoni ya kampani, ndipo bambo apatsidwa kandime kawo ka mizere 12 kumtunda kufupi ndi thanki, komwe amabzala chilichonse chimene akufuna.